KUSANKHA ZOSEWERETSA POPANDA KUSASATITSA MWANA

Ku maiko ozizira monga America ndi Canada nyumba zambiri ziri ndi cipinda ca pansi pa nthaka. Cifukwa cace n'cakuti m'nyengo ya cisanu nthaka ya pamwamba imauma gwa ngati mwala, ndipo omanga nyumba ayenera kukumba maziko akuya kupitirira pamene cisanu cifika. Tsono pokhala atakumba kale, amangokonza dzenjelo kuti likhale cipinda, ndipo mabanja ambiri amacipereka kwa ana kuti aziseweramo. Koma makolo a kumeneko ali ndi dandaulo limodzi lomveka kawirikawiri: cipinda cidzala ndi zidole kufikira munthu asowa popondapo, koma mwana akwera pamwamba, nafika kwa amai ace, nati alibe cocita.

Nyumba za ku Wusakile, ku Kantanshi, ku Chiwempala kapena ku Matero ziribe cipinda ca pansi, ndipo zambiri ziribe ngakhale cipinda capadera ca ana. Ana asewera pakhonde, kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, kapena pa ngodya ya cipinda cocezera. Koma bvuto ndi lomwelo. Pa tsiku la malipiro atate apita ku tauni, aona m'masitolo ndi m'misika magalimoto a pulasitiki, mfuti zolira ndi zidole zobvala bwino. Mwana awagwira dzanja nayamba kulira. Ndipo munthu amene wagwira nchito yolimba pansi pa mgodi mwezi wathunthu afuna kuti mwana wace akhale ndi zimene iye analibe. Mtima umenewu ngwabwino. Cofunika ndico kudziwa cinthu coyenera kugula, kucuruka kwace, ndi kapatsidwe kace, kuti mphatso isasanduke cisasati.

KUSEWERA NDIYO NCHITO YA MWANA

Anthu ena aganiza kuti kusewera ndiko kutaya nthawi, ndi kuti mwana wabwino ndiye wokhala phee. Si tero ai. Mwana aphunzira kugwira, kuyenda, kulankhula, kuwerenga ndi kukhala bwino ndi anzace mwa kusewera. Mtsikana amene aphika dothi m'cigoba pa masanje alikuphunzira za pa banja. Mnyamata amene apinda waya alikuphunzira kuyesa utali, kulinganiza magudumu, ndi kupirira pamene cinthu cakana. Akuru a kumudzi anadziwa zimenezi kale lomwe, ndipo sanaletse ana kuumba ng'ombe za dongo ku dambo.

Ku Ulaya mmodzi wa anthu oyamba kumanga sukulu pa maziko amenewa anali Friedrich Froebel wa ku Germany. M'caka ca 1837 anatsegula nyumba ya ana ang'ono ku Bad Blankenburg, ndipo m'caka ca 1840 anaipatsa dzina lakuti Kindergarten, ndiko kuti munda wa ana. Zoseweretsa zimene anakonza zinali zinthu wamba. Coyamba cinali timipira 6 ta ubweya, ta maonekedwe osiyanasiyana. Cina cinali cidutswa ca mtengo cogawika m'tizidutswa 8, kuti mwana amange nato cimene afuna.

M'mwezi wa January 1907 Maria Montessori, dokotala wamkazi wa ku Italy, anatsegula nyumba ya ana ku San Lorenzo, dera la anthu osauka a mu mzinda wa Rome. Makolo a anawo anali anthu a nchito, ocoka m'mawa ndi kubwera madzulo, ndipo ana ankangotsala okha. Montessori anaika m'nyumbamo timipando ndi timatebulo ta msinkhu wa ana, ndi makabati afupi, ndipo cinthu ciri conse cinali ndi malo ace. Mwana ankatenga yekha cimene afuna, nacibweza yekha atatha. Iye anaona kuti anawo ankasiya zidole zokongola zimene anawapatsa, nakonda kusesa, kupukuta, kumanga mabatani ndi kusanja zinthu, cifukwa m'nchito zimenezi manja ao ndi nzeru zao zinali ndi cocita.

Lero maiko abvomereza kuti kusewera ndi ufulu wa mwana. Pangano la United Nations la 1989 lonena za ana litero m'ndime 31, ndipo Zambia inalilandira m'caka ca 1991. Koma panganolo linena za kusewera ndi kupumula. Silinena kuti mwana aguliridwe ciri conse cimene maso ace aona.

AGWIRA NCHITO NDANI?

Pofuna kuzindikira coseweretsa cabwino, kholo lidzifunse funso limodzi: Kodi agwira nchito ndani, mwana kapena cidole? Galimoto ya mabatire iyenda yokha, ilira yokha, iwala yokha. Mwana angoonerera, ndipo pofika tsiku lacitatu waona kale zonse zimene iyo icita. Mabatire akatha, igona m'pfumbi kuseri kwa citseko. Koma galimoto ya waya imtengera mnyamata masiku ambiri. Ayamba wafunafuna waya, zitini za magudumu, ndi mphira wa cubu ca njinga womangira. Apinda, ayesa, aphwasula, ayambanso. Ikathyoka aikonza yekha, ndipo akaona ya mnzace yokhota bwino abwera kunyumba kudzasintha yace. Pomwepo waphunzira zambiri za nchito ya makaniko asanalowe m'galaji.

Ngakhale ku maiko kumene zidole ziri zocuruka anthu azindikira zimenezi. Mu mzinda wa Rochester ku America muli nyumba yosungiramo zinthu za masewera, dzina lace The Strong, imene caka ndi caka isankha zoseweretsa zoyenera ulemu. M'caka ca 2005 inasankha katoni wamba, ndipo m'caka ca 2008 inasankha kamtengo kotola pansi. Katoni ikhala nyumba lero, mawa basi, mkuja sitolo; kamtengo kakhala mthiko, ndodo ya mfumu, kapena colembera pa mcenga. Nato tinjerwa ta LEGO, todziwika pa dziko lonse, tinacokera m'nyumba ya mmisiri wa matabwa, Ole Kirk Christiansen wa ku Billund ku Denmark, amene anayamba kupanga zidole za mitengo m'caka ca 1932. Tinjerwa ta pulasitiki tolumana monga tiri lero tinayamba m'caka ca 1958. Mphamvu yace iri apa, kuti sitikhala kanthu kufikira mwana atamanga nato. Tizidutswa ta matabwa totsala kwa kalipentala wa pa msika, tikapalidwa bwino kuti tisabaye, tigwira nchito yofanana nayo pa mtengo wocepa.

Cotero zoseweretsa zokhalitsa ndizo zimene zisiyira mwana nchito: mpira, tizidutswa ta matabwa, cidole ca nsaru, tiziwiya ta masanje, cingwe codumpha, coko ndi thabwa lolembapo, mapepala ndi mapensulo a mitundu, kang'oma, ndi mabuku a zithunzi. Zimenezi ziyenera anyamata ndi atsikana omwe. Mtsikana womanga ndi matabwa aphunzira kuyesa, ndipo mnyamata wobereka cidole aphunzira kusamala.

ZOCEPA ZIPOSA ZAMBIRI

M'caka ca 2018 anthu ophunzira a pa University of Toledo ku America anafalitsa zimene anapeza atayesa ana 36, a miyezi 18 kufikira miyezi 30. Mwana ali yense anamlowetsa m'cipinda kawiri: ulendo wina anapezamo zoseweretsa 4, ulendo wina 16. Pamene zinali zinai zokha, ana anakhalitsa pa cinthu cimodzi, nacisewera m'njira zambiri. Pamene zinali 16, anangotola ici, nataya, natola ico. Mwana wamng'ono sakhoza kutsekereza maso ace ku zinthu zomzinga. Ciri conse cimuitana, ndipo safika pozama pa cimodzi.

Banja limene liri kale ndi zidole zambiri lisataye, koma ligawe. Zinai kapena zisanu zikhale poyera, zotsala zisungidwe m'katoni pamwamba pa kabati. Pakapita masabata awiri kapena atatu amai asinthe, zina zituruke, zina zilowe. Cidole cimene mwana sanacione mwezi wathunthu acilandira ngati catsopano, ndipo palibe ngwee imene yacoka m'thumba. Zimene mwana wazikula zipite kwa mng'ono wace kapena kwa mwana wa mnansi, ndipo n'kwabwino kuti mwini wace akapereke ndi manja ace.

MSINKHU NDI MSINKHU

Khanda losafika caka lifuna zinthu zogwira, zogwedeza ndi zoluma: kapu ya pulasitiki, supuni ya mtengo, kansaru koyera. Koposa zonse lifuna nkhope ndi mau a amai ace. Mwana wa caka cimodzi kufikira zaka zitatu akonda kukankha, kukoka, kuthira ndi kukhuthula; makapu olowana, mpira waukuru ndi katoni ya cingwe zimkwanira. Wa zaka zitatu kufikira zisanu ndi cimodzi alowa m'nyengo ya masanje, kujambula ndi kumanga, ndipo asangalala akapatsidwa katsace kace ndi kambale kace kotsuka. Wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi kupitirira afuna masewera a malamulo, monga nsolo, ciyato, waida ndi mpira wa miyendo, mmene aphunzira kuwerenga, kudikira nthawi yace, ndi kugonja popanda ndeu. Pa msinkhu umenewu kamunda ka ndiwo, nkhunda ziwiri kapena kalulu woweta zimphunzitsa cimene cidole sicingathe, kuti camoyo cifuna kusamalidwa tsiku ndi tsiku, ngakhale mwini wace atatopa.

Kugulira mwana cinthu coposa msinkhu wace ndiko kutaya ndalama. Njinga yaikuru kwa mwana wa zaka zitatu ikondweretsa atate ndi anansi, koma mwana aiopa, ndipo pofika nthawi yakuti akwere, dzimbiri laidya kale.

MALO OSEWERERA

Malo a ana safuna cipinda cathunthu. Mphasa imodzi pa ngodya kapena pakhonde, ndi dengu kapena bokosi losungiramo zinthu, zikwanira. Malowo akhale ouma, owala, opita mphepo, ndi otalikira mbaula, parafini, mankhwala ndi mawaya a magetsi. Akhalenso pafupi ndi pamene akuru agwira nchito, kuti mwana amve mau ao ndi iwo amve ace. Ngakhale kumene kuli zipinda za pansi, ana ang'ono amatenga zidole zao nakwera nazo ku khicini, cifukwa mwana afuna kusewera pamene pali anthu.

Lamulo la malowo likhale limodzi ndi losasintha: wosewera ndiye wolongedza. Mwana wa zaka ziwiri akhoza kale kuponya zinthu m'dengu ngati wamkuru amthandiza. Amai amene atola zidole za mwana madzulo ali onse alikumphunzitsa kuti pa dziko pali anthu ena a nchito yotola zimene iye wataya, ndipo phunziro limeneli adzapita nalo ku sukulu, ku nchito ndi ku banja lace.

CISASATI CICOKERA KUTI?

Mwana saonongeka cifukwa ca kukondedwa, kunyamulidwa kapena kupatsidwa mphatso. Cisasati cibadwa pamene mwana waphunzira kuti kulira ndiko kugula, kuti mau akuti iai akhoza kusanduka inde ngati akuwa kwambiri, ndi kuti cinthu cikaonongeka cina cibwera cokha. Tsono makolo asamale zinthu izi.

Coyamba, asagule cifukwa ca misozi. Asanalowe m'sitolo amuuze mwana cimene apita kukagula, ndipo asasinthe mau. Mwana adzalira ulendo woyamba ndi waciwiri; akaona kuti kulira sikubala kanthu adzaleka. Koma akagonjera kamodzi cifukwa ca manyazi ndi anthu, ulendo wotsatira adzalira kuposa.

Caciwiri, mwana aphunzire kudikira. Mphatso ikhale ndi nyengo yace, monga Khirisimasi, tsiku la kubadwa kapena kutsekera kwa sukulu. Akapempha cinthu pakati pa caka, makolo anene kuti amva, ndipo acikumbukira. Kawirikawiri pofika nyengoyo mwana waciiwala, ndipo cimene sanaciiwale ndico cimene acifunadi. Mwana wosinkhuka asunge tindalama tace m'citini kuti aonjezepo. Cinthu cimene wacisungira miyezi itatu sacisiya pa mvula.

Cacitatu, cidole cisakhale malipiro a khalidwe labwino. Mwana amene alandira mphatso cifukwa wasamba kapena wadya nsima adzafunsa mtengo wa nchito iri yonse. Mau oyamikira akwanira.

Cacinai, cimene mwana waononga mwa kusasamala cisabwezedwe msanga. Akuru anati, mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imfotere yekha. Mwambi umenewu sutanthauza kuti mwana apatsidwe ciri conse. Utanthauza kuti pa zinthu zosaopsa mwana aloledwe kuona yekha mapeto a kusankha kwace. Akaumirira kamfuti kosalimba m'malo mwa mpira, ndipo kathyoka tsiku lomwelo, akhale wopanda kanthu kufikira nyengo ina. Makolo asamnyoze, koma asathamangirenso ku sitolo.

Cacisanu, atate ndi amai akhale ndi mau amodzi, ndipo agogo ndi amalume auzidwe mwaulemu lamulo la pa nyumba. Mwana acenjera msanga kudziwa khomo lofewa.

Cacisanu ndi cimodzi, banja lisalowe m'ngongole ya kaloba cifukwa ca zidole, kapena cifukwa cakuti mwana wa nyumba yoyandikana ali ndi njinga. Ndalama za cakudya, za nsapato ndi za mabuku zikhale patsogolo. Palibe coipa kuuza mwana poyera kuti, "Mwezi uno ndalama zapita ku unga ndi ku yunifomu yako." Mwana womva mau otere akula akudziwa kuti ndalama icokera ku thukuta.

ZOOPSA ZOYENERA KUPEWA

Mwana wosafika zaka zitatu aika ciri conse m'kamwa. Malamulo a ku Ulaya ndi ku America ayesa zidole za ana otere ndi kacibowo ka masentimita 3 ndi pang'ono. Cinthu colowa conse m'menemo cikhoza kutsamwitsa mwana. Cotero mikanda, mabatani, ndalama zacitsulo, zitsekerero za mabotolo ndi maso a zidole osamatika bwino zikhale kutali ndi makanda. Zidutswa za baluni ndi matumba a pulasitiki zitseka mpweya. Timabatire tobulungira tonga batani, ta m'zidole zowala ndi m'mawochi, tikamezedwa tikhoza kuocha kummero m'maora awiri okha. Mwana wotere apite naye ku cipatala nthawi yomweyo, osayesa kumsanzitsa. Maginito ang'ono akamezedwa awiri kapena ambiri agwirana m'matumbo naboola. Madzi a m'ndowa kapena m'bafa, ngakhale ocepa, amiza mwana wongoyamba kuyenda.

Coopsa cina cosaoneka ndi maso ndi mtovu. Mtovu ukalowa m'magazi a mwana uononga ubongo, ucepetsa nzeru, ndipo coonongekaco sicibwerera. Upezeka m'penti ya zidole zina. M'caka ca 2007 kampani yaikuru ya ku America, Mattel, inaitanitsa zidole zambirimbiri kuti zibwezedwe cifukwa ca penti ya mtovu ndi maginito ocoka msanga. Cidole ca penti yosupuka cisapatsidwe kwa mwana woluma zinthu. Ku Kabwe bvutoli liri m'nthaka momwe. Mgodi wa mtovu wa kumeneko unatsekedwa m'caka ca 1994, koma pfumbi lace likali m'madera oyandikana nao, monga Kasanda, Chowa ndi Makululu, ndipo ana ambiri apezeka ndi mtovu wocuruka m'magazi. Makolo a kumeneko aseweretse ana pa mphasa, pa simenti kapena pa kapinga, asambitse ana m'manja asanadye, atsuke zidole kawirikawiri, akolope m'nyumba ndi nsaru yonyowa m'malo mosesa pouma, ndipo afunse ku cipatala za kuyesa magazi. M'matauni onse a migodi ana aletsedwe kusewera pa miyulu ya zotaya za mgodi ndi m'maenje akale odzala madzi.

FONI NDI WAILESI YA KANEMA

Masiku ano coseweretsa cofala koposa ndi foni ya amai kapena ya atate. Itonthoza mwana msanga, ndipo m'menemo ndimo muli kuopsa kwace, pakuti mwana amene atonthozedwa ndi foni nthawi zonse saphunzira kudzitonthoza yekha. M'caka ca 2019 bungwe la za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, linalangiza kuti mwana wosafika zaka ziwiri asakhale pansi kuonerera foni kapena wailesi ya kanema. Kuti wa zaka ziwiri kufikira zinai asapitirire ora limodzi pa tsiku. Ndi kuti ana a caka cimodzi kufikira zaka zinai akhale ndi maora atatu pa tsiku a kuyenda, kuthamanga ndi kusewera ndi thupi. Kwa ana osinkhuka banja liike nthawi yodziwika, ndipo pa nthawi ya cakudya ndi pogona foni ikhale pambali. Lamuloli ligwira nchito pokhapo akuru nao alisunga.

CIMENE SITOLO SIGULITSA

Makolo ambiri agula zidole cifukwa mtima uwatsutsa kuti sakhala ndi ana ao. Atate a shifiti ya usiku abwera ana atapita ku sukulu. Amai a pa msika abwera kutada. Koma mwana sayesa cikondi ndi mtengo wa cinthu. Theka la ora limene atate akhala pansi nakumba maenje a nsolo ndi mwana wao, kapena kumgwirira waya pamene iye apinda, limkhalira m'mtima kufikira ukalamba. Nthano imodzi ya Kalulu pogona, yokambidwa m'cinenero ca makolo, imphunzitsa mau ambiri kuposa cidole colankhula. Mwana afunanso anzace, pakuti ciyato, waida ndi masanje sasewera munthu mmodzi. Khomo la nyumba likhale lotseguka kwa ana a anansi, ndipo mwana aphunzire kubwereka ndi kubweza.

Palinso nthawi imene mwana adzati alibe cocita. Makolo asacite mantha ndi mau amenewa, ndipo asathamangire kumdzazira manja. Akamsiya kanthawi, adzatola katoni, kamtengo kapena dongo, nayamba yekha. M'mera mpoyamba: mwana amene waphunzira kupanga, kudikira, kulongedza ndi kugawana ali wamng'ono adzakhala munthu wodalirika pa nchito ndi pa mudzi, ngakhale dengu la zoseweretsa zace linali laling'ono.